Nkhope imodzi, mpweya wa woimba: zidole ndi nthano za kum'mawa

Mmisiri akasema chidole n'kuchipaka utoto, nkhope yake yatha basi. Ngati wachisema chikumwetulira, chidzamwetulira ngakhale pa maliro a mwana wake. Milomo yake sinjenjemera, misozi sichigwetsa. Komabe anthu akuluakulu, a ndevu zawo ndi imvi zawo, amakhala m'nyumba ya zisudzo ku Osaka kapena ku Moscow, kapena pabwalo la mudzi wina pa chilumba cha Java, n'kumapukuta m'maso chifukwa cha kamtengo kovala nsalu. Akatuluka amanenetsa kuti anaona nkhope ya chidolecho ikugwa ndi chisoni. Nkhopeyo inali momwemo. Chimene chinasintha ndi kapendekedwe ka mutu, mbali imene kuwala kunachokera, ndipo koposa zonse, nyimbo imene inkalira pambali.

Pamenepa ndi pamene pagona luso la masewero a zidole otengedwa ku nthano za kum'mawa. Ambiri akamva za masewero otere amaganiza za ana, za tizidole todumphadumpha ndi kanyimbo kongokometsera kumbuyo. Ayi ndithu. Nyimbo ndiyo minofu ya pankhope imene chidole chilibe. Ndipo pali funso limodzi limene limasiyanitsa sewero lina ndi linzake kuposa china chilichonse: kodi akutsogolera ndani? Kumayiko kumene masewerowa anabadwira, oimba amayang'ana dzanja la wogwira chidole ndi kutchera khutu ku mawu a wosimba nthano. Ku Ulaya, kumene nthanozi zinafika ngati alendo, nyimbo imayamba yalembedwa kaye, chidole n'kumaponda m'mapazi ake.

Dzina lakuti "kum'mawa" ndi la azungu. Iwo ataima kwawo anaona kuti Baghdad, India, China, Java ndi Japan onse ali mbali yotulukira dzuwa, ndipo anawamanga mtolo umodzi. Kwa munthu amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, Baghdad ali kumpoto. Tiligwiritsabe ntchito dzinali poti ndilo linazolowereka, koma tizikumbukira kuti mu mtolowo muli mitundu ya anthu yosamvana zilankhulo, yosiyana zipembedzo, ndipo nyimbo zawo n'zotalikirana zedi.

Nanga n'chifukwa chiyani nthano zimenezi zimayanjana ndi zidole? Taganizani zimene zilimo. Muli kavalo wosemedwa ndi mtengo wakuda bii wonga phingo, amene amauluka ukapotokola kachitsulo kake. Muli chiwanda chotuluka m'nyali ngati utsi n'kukula mpaka kudenga. Muli nyumba yachifumu imene ikunyamulidwa yonse kuchoka ku China kukatera ku Africa, ndi chimbalame chotha kunyamula njovu. Munthu wosewera ali ndi msinkhu wake ndi kulemera kwake; mukamuveka ngati chiwanda, aliyense amaona kuti ndi munthu wodzipaka utoto. Pa nsanja ya zidole, mnyamata angathe kukhala wotalika ngati mkono, chiwanda n'kukhala chachikulu kasanu kumuposa. Koposa apo, mnyamatayo ndi chiwandacho onse ndi mtengo ndi nsalu, onse akuyendetsedwa ndi manja. Woonera akavomera kuti mnyamatayo ndi wamoyo, wavomera kale ndi chiwanda chomwe. Matsenga sakhalanso chinthu chachilendo pa nsanja yotere.

Kuti timvetse bwino mmene nyimbo imatsatira dzanja, tipite ku Java, m'dziko la Indonesia, kumene kuli sewero la zithunzithunzi lotchedwa wayang kulit. Ndi lakale kwambiri: mawu olembedwa m'chaka cha 907, m'nthawi ya mfumu Balitung, amatchula kale munthu wina amene anasewera wayang. Zidole zake n'zaphwatalala, zodulidwa pa chikopa cha njati, zoboolaboola timabowo tosalala ngati nsalu yoluka, ndipo zogwirira zake zimapangidwa ndi nyanga. Amakunga chinsalu choyera, pansi pake n'kugoneka thunthu la nthochi. M'thunthumo ndi mmene amabayamo zogwirira za zidole kuti ziime zokha. Pamwamba amapachika nyali, kale ya mafuta a kokonati, lero kawirikawiri ya magetsi. Nthano zambiri zimachokera m'ndakatulo ziwiri zazitali za ku India, Ramayana ndi Mahabharata, makamaka mkangano wa abale asanu a banja la Pandawa ndi asuweni awo 100 a banja la Korawa. Koma anthu a ku Java anaziumba mwa kwawo mpaka mapiri ndi mitsinje ya m'nthanozo anayamba kuiona ngati ya pa chilumba chawo.

Mwini sewero ndi munthu mmodzi, dalang. Amakhala pansi atapinda miyendo cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo sadzuka mpaka mbandakucha. Manja ake akuyendetsa zidole. Pakamwa pake pakutuluka mawu a aliyense wa m'nthano, a mfumu m'chilankhulo chaulemu cha kunyumba yachifumu, a wantchito m'chilankhulo cha pamsika. Kumanzere kwake kuli bokosi lalikulu losungira zidole, limene amaligogoda ndi kamtengo kotchedwa cempala. Pa bokosipo papachikidwa tizitsulo taphwatalala timene amatimenya ndi phazi. Kugogodako ndi kulira kwa tizitsuloto ndiwo malamulo kwa oimba amene akhala kumbuyo kwake: yambani, thamangani, tsitsani mawu kuti ndilankhule, lekani. Woimba ng'oma ndiye amayamba kumva, iyeyo n'kuwakoka anzake onse.

Gulu la oimbali limatchedwa gamelan. Zida zake zambiri ndi zamkuwa: zina zonga mangolongondo koma za timapale tachitsulo, zina ngati timiphika tovundikira tondandalikidwa pa zingwe, zina ndi zimbale zazikulu zopachika zimene kulira kwake kumamveka m'chifuwa. Palinso rebab, chida cha nsambo ziwiri chokwecha ndi uta ngati kaligo, chitoliro cha nsungwi, ndi amayi oimba otchedwa pesindhen. Palibe amene amaima kutsogolo ndi kandodo kuwawongolera. Dalang akafuna nyimbo yakutiyakuti saitchula poyera. Amabisa dzina lake m'mawu a nthano ngati mwambi, ndipo oimba odziwa ntchito amagwira tanthauzo nthawi yomweyo. Kumeneku kwa ine ndiko kukoma kwa sewero limeneli: lamulo la kwa oimba limamveka kwa omvera ngati ndakatulo.

Usiku wonse umagawidwa patatu, ndipo gawo lililonse lili ndi kamvekedwe kakekake ka nyimbo, kotchedwa pathet. Gawo loyamba, pathet nem, limafika mpaka cha pakati pa usiku: mafumu akukambirana, vuto likuonekera, asilikali akunyamuka. Lachiwiri ndi pathet sanga, pamene ngwazi ya nthano imalowa m'nkhalango. Lomaliza, pathet manyura, ndi la nkhondo yaikulu ndi kuthetsa mlandu, ndipo mawu a nyimbo amakhala atakwera kusiyana ndi mmene anayambira. Motero munthu amene anatsinza n'kudzidzimuka angathe kudziwa pamene nthano yafika pongomva zida. Usiku ukafika pakati amatulukira anthu anayi oseketsa, Semar ndi ana ake Gareng, Petruk ndi Bagong. Semar ndi wantchito wonenepa, wosaoneka bwino, koma ndi mulungu amene anasankha kukhala pakati pa anthu wamba. Anayiwa sapezeka m'ndakatulo za ku India. Ndi a ku Java enieni, ndipo kudzera pakamwa pawo dalang amakamba za kukwera kwa mitengo ya zinthu, za akuluakulu a m'deralo, ngakhale za mwini phwando amene wamuitana.

Tsono onani mmene chisoni chimabwerera. Ngwazi yaulemu monga Arjuna, mmodzi mwa abale asanu a Pandawa aja, imadulidwa ndi mutu woweramira pansi, diso lopyapyala, mphuno yosongoka. Uthenga woipa ukafika, dalang sachigwedeza chidolecho. Amaleka kulankhula, n'kuyamba nyimbo yaifupi yapang'onopang'ono yotchedwa suluk, zida ziwiri zitatu zofewa zikumuperekeza. Mwina akweza dzanja limodzi la chidole n'kuliika paphewa. Basi. Mutu woweramawo, umene kanthawi kapitako unkaonetsa ulemu, tsopano waoneka wolemedwa ndi chisoni. Kale, lawi la nyali ya mafuta likamagwedezeka ndi mphepo, chithunzithunzi pa nsalu chinkaoneka ngati chikupuma.

Amene tinakulira pa nthano za madzulo sitingadabwe nazo kwenikweni zimenezi. Agogo akati "Padangotelo," ife n'kuvomera "Tili tonse," nyimbo sinkabwera chisawawa. Inkabwera pamene mwana wamasiye wasiyidwa yekha kudambo, kapena pamene kambalame kayamba kuulula chinsinsi cha amene anapha mnzake. Mawu wamba akalephera kunyamula katundu wa nthano, agogo ankayambitsa nyimbo, ife n'kumavomera. Iwo ndiwo ankadziwa nthawi yake, ndipo akaona kuti tagwidwa mtima ankaibwereza kawiri katatu. Dalang amachita chimodzimodzi, kungoti omuvomera ake ndi gulu lonse la zida zamkuwa. Bungwe la UNESCO linaika wayang pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2003, mndandanda womwewo umene Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalowamo mu 2005.

Ku Japan zinthu zinayenda njira ina. Mu 1684 woimba nthano Takemoto Gidayū anatsegula nyumba yake ya zisudzo ku Osaka, ndipo sewero limene lero timalitcha bunraku linakhwimira kumeneko. Ntchito imene dalang amaigwira yekha, kuno anaigawa. Pambali pa nsanja pamakhala wosimba nthano, amene amalankhula, kuimba, kulira ndi kuseka m'malo mwa zidole zonse, ndipo pafupi naye pali woimba shamisen, chida cha nsambo zitatu chooneka ngati banjo ya khosi lalitali. Chidole chimodzi chofunika chimagwiridwa ndi anthu atatu: wamkulu agwira mutu ndi dzanja lamanja, wachiwiri dzanja lamanzere, wachitatu miyendo. Eni ake amati zaka khumi pa miyendo, zaka khumi pa dzanja lamanzere, kenako ndi pamene ungakhudze mutu. Mitu ina ili ndi nsidze ndi maso oyenda, koma ya akazi yambiri njosasintha, ndipo pafupi ndi mlomo amabayapo kasingano kakang'ono kokolera mkono wa chovala, kuti chidole chioneke ngati chikuluma nsalu poletsa kulira. Kagwiridwe ka anthu atatuka kanayamba mu 1734, pa sewero la nthano ya Kuzunoha, nkhandwe yoyera imene inasanduka mkazi n'kukwatiwa ndi mwamuna amene anaipulumutsa, kenako n'kukakamizika kutsanzika mwana wake ndi kubwerera kunkhalango. Mawu a sewero ndi olembedwa kale, koma palibe wowerengera anzake nthawi. Wosimba, woimba ndi ogwira chidole amamverana kapumidwe.

Tsopano titsate mmene nthano zinayendera kupita ku Ulaya, chifukwa ulendo wake uli ndi zodabwitsa. Pakati pa 1704 ndi 1717, ku France kunatuluka mabuku 12 a nthano za Usiku Chikwi Chimodzi ndi Umodzi, zimene Antoine Galland anamasulira kuchokera m'Chiarabu. Zolembedwa pamanja zimene anali nazo zitamuthera, mu 1709 anakumana ku Paris ndi mnyamata wa ku Aleppo, m'dziko la Syria, dzina lake Hanna Diyab. Mnyamatayu ndiye anamusimbira nthano ya Aladdin, ya Ali Baba ndi ya kalonga Ahmed. Nthano zimene dziko lonse limaziyesa mtima wa buku lija sizinali m'zolembedwa zakale za Chiarabu zimene Galland ankamasulira. Zinalowa kudzera pakamwa pa mlendo wapaulendo, ndipo dzina lake silinalembedwe pa mabukuwo. Aladdin mwiniwake, nthano ikutero, ankakhala mumzinda wina wa ku China, ngakhale kuti anthu a mumzindawo mayina awo ndi miyambo yawo n'zachiarabu.

Azungu atazikonda nthanozi anafuna ndi nyimbo zake, ndipo anazipeka okha. Yotchuka kwambiri ndi Scheherazade, imene Nikolai Rimsky-Korsakov wa ku Russia anapeka mu 1888. Imayamba ndi mawu olemera, aukali, a zida zambiri pamodzi: imeneyo ndi mfumu Shahryar, imene inkapha mkazi wake aliyense kukacha. Kenako zonse zimakhala chete, vayolini imodzi n'kuyamba kupota kanyimbo kowonda ngati ulusi, zeze akuiperekeza: ameneyo ndi Scheherazade, mkazi amene anapulumutsa moyo wake posimba nthano usiku uliwonse n'kumaisiya pakati. Kanyimboka kamabwerera m'magawo onse anayi. Kwa munthu wa zidole imeneyi ndi mphatso yaikulu, chifukwa aliyense wa m'nthano ali kale ndi liwu lake asanatsegule pakamwa. Koma tinene zoona, si nyimbo ya ku Baghdad. Ndi Baghdad wa m'maganizo a Mrasha amene anali msilikali wa pamadzi, woimbidwa ndi zida za ku Ulaya.

Chidole nachonso chinayenda ulendo wakewake. Mu 1911 mmisiri wa zojambula wa ku Vienna, Richard Teschner, anapita ku Netherlands atangokwatira kumene. Nthawi imeneyo dziko la Netherlands linkalamulira Java, ndipo kumeneko anaona zidole zochokera pa chilumbachi. Kuwonjezera pa zachikopa zija, ku Java kuli zina zamtengo, zathupi lonse, zotchedwa wayang golek: ndodo imodzi imadutsa m'thupi kukagwira mutu, timitengo tiwiri tatitali n'kumayendetsa manja kuchokera pansi. Aliyense amene ali mwana anayendetsapo galimoto ya waya ndi chiwongolero chachitali akudziwa mmene ndodo imatumizira maganizo a dzanja ku chinthu chimene chili patali. Ku Ulaya nthawiyo anazolowera zidole za zingwe zolendewera ndi zovala kudzanja. Teschner anaona kuti chidole cha ndodo chili ndi ulemu umene zinazo zilibe. Anayamba kupanga zake, n'kuikamo tizingwe tobisika m'kati kuti mutu uziwerama ndi kutembenuka mofatsa.

Limodzi mwa masewero ake oyamba, mu 1912, linali nthano ya ku Java ya Nawang Wulan. Namwali wakumwamba anatsika ndi anzake kudzasamba padziwe, mnyamata wina n'kumubisira mpango umene ankaulukira. Anzake atauluka, iye anatsala n'kukwatiwa ndi mnyamatayo. Ankaphika njere imodzi ya mpunga n'kudzaza mphika, ndipo anamuletsa mwamuna wake kuvundukula mphikawo. Tsiku lina mwamunayo anavundukula. Mphamvu ija inatha, mkazi anayamba kusinja mpunga ngati wina aliyense, nkhokwe n'kumatsika tsiku ndi tsiku, mpaka pansi pake anapeza mpango wake uja. Anauluka, kusiya mwana wamkazi. Teschner anafika pochotseratu mawu m'masewero ake. Mu 1932 anamanga nsanja yozungulira yotchingidwa ndi galasi, imene anaitcha Figurenspiegel, ndipo nyimbo inkachokera m'bokosi loimba lokha, la mbale zachitsulo zoboola. Apa zinthu zatembenuka. Bokosi silingadikire dzanja. Zidole za ku Java zafika ku Vienna, koma dalang ndi gamelan yake atsala kwawo.

Ku Moscow ndi kumene chidole cha ndodo chinakumana ndi Aladdin. Sergey Obraztsov anayamba kutsogolera nyumba ya boma ya masewero a zidole mu 1931, ndipo zaka zoyambirira ankadalira kwambiri zidole zovala kudzanja. Chidole chotere n'chachangu, chimamenya, chimagwa, chimaseketsa, pakuti manja ake ndi zala za munthu. Koma manjawo ndi aafupi. Sichingatambasule dzanja pang'onopang'ono kuloza nyenyezi, kapena kulitsitsa mwaulemu pamaso pa mwana wa mfumu. Pamene gululi linakonza sewero la nyali yamatsenga ya Aladdin mu 1940, lolembedwa ndi Nina Gernet, zidole zake zokonzedwa ndi Boris Tuzlukov, linatenga zidole za ndodo, za manja aatali opindika pa chigongono ndi pa mkono. Manja otere amatha kuyenda utali wonse wa mzere wa nyimbo osaduka. Seweroli linasonyeza kuti zidole zingathe kusimba nkhani ya chikondi anthu akuluakulu n'kuimvera osaseka, ndipo linakhala likuonetsedwa zaka zambirimbiri. Kuchokera apo chidole cha ndodo chinafalikira m'nyumba za masewero za Soviet Union ndi mayiko oyandikana nayo. Mpaka lero, ndodo yogwirira mutu wa chidole Arasha amaitcha gapit, liwu la ku Java la chogwirira cha nyanga chija. Liwu limodzi limeneli lasunga mbiri ya ulendo wonse.

Nyimbo ikakhala yolembedwa kale, ntchito ya okonza sewero imakhala yowerengera. Choyamba amaidula nthano, chifukwa chidole sichichedwa kutopetsa chikamalankhula nthawi yaitali; zimene Aladdin akuganiza ali yekha m'phanga zimaperekedwa kwa chitoliro kapena vayolini. Kenako amagawa nyimboyo tizigawo, n'kudziwa kuti apa chiwanda chili ndi kanthawi kakuti kotulukira m'nyali, apa mwana wa mfumu ayenera kukhala atatembenuka kale. Wogwira chidole waluso sayembekeza kuti liwu limveke ndiye asunthe. Amakweza chifuwa cha chidole pang'ono liwulo lisanafike, monga munthu amakokera mpweya asanalankhule, ndipo woonera amakhulupirira kuti nyimboyo yatuluka m'chidolemo. Akachedwa pang'ono pokha, chidole chimaoneka chikuthamangira nyimbo ngati munthu wothamangira basi, moyo wake n'kuthera pomwepo. Chinanso, zidole zimene sizikulankhula ziyenera kukhala bata, koma osati kufa, zikhale zikumvetsera. Ku Salzburg, m'dziko la Austria, nyumba ya zidole za zingwe imene Anton Aicher anayambitsa mu 1913 yakhala ikusewera ma opera athunthu, masewero amene mawu ake amachita kuimbidwa, ndi nyimbo zojambulidwa kale, ndipo ogwira zingwe amayenera kuloweza pamene woimba aliyense wa m'chojambulidwacho amapumira.

Pali ntchito ina imene sindingaidumphe, ngakhale ili ya kanema. Kuyambira 1923 mpaka 1926, Lotte Reiniger wa ku Germany anapanga filimu ya kalonga Achmed ndi zidole zaphwatalala zodula ndi lumo pa katoni ndi pa mtovu wopyapyala, zolumikiza ndi waya m'mfundo zake. Ankazigoneka pa galasi lowala kuchokera pansi, kuzisuntha pang'ono, kujambula chithunzi chimodzi, kusunthanso, kujambulanso, kwa zaka zitatu. Wolfgang Zeller ndiye anapeka nyimbo yake. Mwa mafilimu aatali a zithunzi zoyendetsa amene alipobe, imeneyi ndiyo yakale kuposa onse, ndipo kukongola kwake sikunazilale: nthenga, masamba, zala, zonse ndi mthunzi wakuda pa kuwala kwa mitundumitundu.

Koma woonera wa kuno kwathu adzaona chinthu china chimene chimabaya. Woipa wa m'filimuyi ndi mfiti ya m'nthano ya Aladdin, yotchedwa mfiti ya ku Africa. Dzinali linachokera kwa Galland. M'Chiarabu munthuyu ndi wa ku Maghreb, kumpoto chakumadzulo kwa Africa. M'sewero la zithunzithunzi mulibe khungu kapena maso, muli mpangidwe wa thupi wokha, choncho khalidwe la munthu limalembedwa pa thupi lake. Kalonga ndi wowongoka, wosalala. Mfitiyo ndi yopindikapindika, ya zala zazitali zosongoka. Mwana akaona zimenezi amamva mumtima kuti woipa ndi uti asanamve nkhani, ndipo amamvanso kumene woipayo wachokera. Ndimaikonda filimuyi, ndipo pa chifukwa chomwecho sindifuna kubisa chilema chake. Mphamvu imene imachititsa kuti chidole chikhudze mtima msanga ndi yomweyo imene imadinda chithunzi cha mtundu wa anthu m'mutu mwa mwana. Aliyense wokonza Aladdin lero ayenera kukhala pansi ndi kuganiza kuti mfitiyo aisema bwanji, ndipo aipatsa nyimbo yotani.

Sewero limene linayesa kulumikiza njira ziwiri zija, ya nyimbo yotsatira dzanja ndi ya chidole chotsatira nyimbo, linachitika ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 2009. Nthano yake ndi ya kambalame kotchedwa nightingale, imene Hans Christian Andersen wa ku Denmark anatulutsa mu 1843 n'kuiika ku China. Mfumu yaikulu ya China imva kuti m'dziko lake muli kambalame kotuwa, kosaoneka bwino, koma koimba mokoma kuposa chilichonse. Akabweretsa, kaimba, mfumu igwetsa misozi. Kenako mfumu ya Japan itumiza mphatso ya mbalame yopanga, yonyezimira, yoimba ukaipukusa. Anthu a kunyumba yachifumu atengeka nayo, kambalame kenikeni kauluka kubwerera kuthengo. Patapita nthawi mfumu idwala, Imfa ifika pa bedi lake, ndipo mbalame yopangayo singathandize kanthu. Kambalame kaja kabwerera, kaimba mpaka Imfa isiya mfumu. Igor Stravinsky, amene anaphunzira kwa Rimsky-Korsakov, anayamba kupeka opera ya nthanoyi mu 1908, ndipo inaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1914.

Robert Lepage, amene anakonza sewero la ku Toronto ndi gulu la Canadian Opera Company, anatenga nzeru ku Vietnam. Kumeneko, m'midzi ya m'chigwa cha mtsinje wa Red River, alimi a mpunga akhala akusewera zidole pamadzi kwa zaka mazanamazana. Mwala wina wolembedwa mu 1121 umasimba za sewero lotere pamaso pa mfumu. Zidole zake amasema ndi mtengo wa mkuyu n'kuzipaka utomoni woletsa madzi. Oziyendetsa amaima m'madzi ofika m'chiuno kuseri kwa chotchinga cha nsungwi, n'kumazikankha ndi ndodo zazitali zobisika pansi pa madzi, pamene oimba ali pambali akuimba ndi kukuwira zidolezo ngati anzawo. Lepage anachotsa oimba zida m'dzenje lawo la kutsogolo kwa nsanja n'kuwakweza pamwamba, dzenjelo n'kulidzaza madzi, malita oposa 60,000. Zidole anapanga ndi Michael Curry.

Nyimbo ya Stravinsky inali yolembedwa, ndipo wotsogolera oimba anali pomwepo ndi kandodo kake. Koma Lepage anapereka zidole m'manja mwa oimba opera eni ake. Mu opera imeneyi woyamba kuimba ndi msodzi, amene akudikira m'ngalawa yake usiku kuti amve kambalame. Woimba mbali ya msodziyo analowa m'madzi, kutsogolo kwake kukuyandama kangalawa, m'kangalawamo muli kamsodzi kakang'ono kamene iye ankakayendetsa ndi manja ake. Nthano yonse ikufunsa kusiyana kwa mbalame yamoyo ndi yopukusa, ndipo apa kamsodzi kopanga kanali m'manja mwa munthu amene akuimba mawu ake. Woimbayo akakoka mpweya kuti ayambe mzere wa nyimbo, mapewa ake ankakwera, manja ake n'kukwera nawo, ndipo kamsodziko kankadzutsa mutu pamwamba pa madzi.